Njoka za Mumtima wa Kapitao

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Amayi ankati pakamwa pamenepa padzandimangitsa tsiku lina, koma m'malo mwake panandilembetsa ntchito. Ndinali nditamaliza sukulu, ndikungoluka anthu tsitsi pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Chawama, mu Lusaka. Tsiku lina pabwalo la sukulu panabwera obaya agalu katemera wa chiwewe, ndipo mayi woyandikana nafe, yemwe anali ndi khanda, anandipempha kuti ndimupititsire galu wake. Patsogolo panga pamzere panali bambo wina akukoka kagalu ndi waya m'khosi. Kakakana kuyenda, ankakamenya theche. Koyamba ndinayang'ana kumbali. Kachiwiri ndinaluma mlomo. Kachitatu zinandikanika.

"Imwe batate, mwabwela kulasisa imbwa olo mwabwela kuipaya? Ngati mpamvu zamuvutani, yendani mukapwanye myala ku Misisi!"

Mzere wonse unafa nalo phwete. Ine ndinagwada, n'kumasula wayayo, n'kunyamula kagaluko m'manja mpaka patebulo. Amene ankabaya anali bambo wamtali wa imvi za m'mbali, wolankhula mosathamanga, ba Dokota Chanda. Atabaya kagaluko anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uyopa magazi?"

"Awe."

"Nanga kununka?"

"Ba Dokota, nakulila pafupi na ngalande."

"Bwela pa Mande."

Mafunso a ntchito anathera pomwepo.

Kachipatala kawo ka ziweto kanali kuseri kwa mashopu a ku Kamwala: chipinda cholandirira anthu, chipinda cha tebulo lachitsulo, ndi kakhonde ka makeji kumbuyo. Miyezi yoyamba ndinkakolopa, kuchapa matawulo ndi kuwiritsa zitsulo. Kenako anayamba kundiphunzitsa kagwiridwe. Galu wolusa umamumanga pakamwa ndi bandeji: mfundo yoyamba pamwamba pa mphuno, yachiwiri pansi pa chibwano, yomaliza kuseri kwa makutu. Potenga magazi umakumbatira khosi ndi dzanja limodzi, linalo n'kugwira chigongono cha mwendo wakutsogolo, chala chachikulu n'kudinikiza kuti mtsempha utukuke. Ndinaphunzira kuyeza kutentha ndi themometa, kumvetsera chifuwa ndi sitetosikopu, ndi kutukula mlomo kuti ndione nkhama. Nkhama za galu wabwino zimakhala zofiirira, ndipo ukadina ndi chala, mtundu umabwerera nthawi yomweyo. "Imbwa siikamba, Tisa," ankatero ba Dokota. "Funsa nkhama."

Kapitao anabwera nditatsala pang'ono kukwanitsa chaka pantchito. Anamubweretsa mayi wa ku Kanyama, bamake Dalitso, wogulitsa tomato ndi repu pamsewu. Anali galu wamkulu, wofiirira, wa mutu ngati mtondo, koma nthiti zinkawerengeka ndipo mimba inali itatupa. Ankatsokomola chifuwa chouma, chosatuluka kanthu. Kungochoka pageti kufika pakhomo anachita kukhala pansi kuti apume.

"Nayesa vonse," anatero mayiwo. "Njele za popo nagaya, naika mu vakudya. Masamba ya nimu napika. Galiki nayo namupasa, ati ichosa njoka. Koma angoyonda chabe."

Ine ndinatsala pang'ono kuseka, koma ba Dokota sanaseke. Anafunsa kuchuluka kwa adyo amene galuyo anadya, kenako anandiuza kuti ndigwire mwendo. Dontho limodzi la magazi analiika pa kachipangizo konga koyezera malungo kaja, ndipo posakhalitsa panatuluka mizere iwiri. Dontho lina analiika pagalasi, n'kuliyang'ana pa maikulosikopu nthawi yaitali.

"Tisa, bwela uone. Ivi sivipezeka pezeka muno mu Lusaka."

Ndinaika diso. Pakati pa timadontho tofiira panali tinthu tonga ulusi, tamoyo, tikudzipinda n'kumakankha magaziwo uku ndi uku. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda firiji ya katemera.

"Aba ni bana chabe," anatero ba Dokota. "Bamai babo bali mu mutima." Kenako anatembenukira kwa mayiwo. "Imbwa iyi inakulila kuti?"

Inakulira ku Beira. Amuna a bamake Dalitso ankayendetsa thiraki yopita kudoko kumeneko, ndipo galuyo anamutenga ali wamkulu kale kwa mlonda wina. Ngakhale dzina anabwera nalo.

Ba Dokota anafotokoza mosabisa. Matendawa amayenda ndi udzudzu. Ukaluma galu wodwala umatenga tiana tija, n'kukatisiya mwa galu wina. Timakula mwakachetechete kwa miyezi yambiri mpaka kukhala njoka zoyera, zowonda, zina kutalika ngati rula ya kusukulu, zokhala mumtima ndi m'mitsempha yopita kumapapo. Za mankhwala azitsamba analankhula mwaulemu koma mosapsatira. Njere za papaya ndi nimu zimadutsa m'matumbo, pamene njokazi zili m'magazi, kumene zimenezo sizingaziphe. Adyo akachuluka amawononga magazi a galu, ndipo Kapitao analibe magazi otaya. "Va chilengedwe vamene nifuna ni ivi," anatero. "Mutunzi, manzi yabwino, vakudya, neti ya uzuzu, na kunkala zii. Galiki ikani mu ndiyo zanu."

Mayiwo ankamvetsera atagwira khutu la galuyo. Ba Dokota atapita kukaimba foni yoitanitsa mankhwala, anandiuza chimene chinawayendetsa mtunda wonsewo. Amuna awo ankatha masabata ali pamsewu. Chaka china, iwo kulibe, akuba anathyola chitseko mayiwo ali m'kati ndi mwana, n'kuwagoneka chafufumimba, chikwanje chili pakhosi, mpaka katundu yense atatuluka. Kuchokera pamenepo tulo tinawathawa. Anadzayambanso kugona Kapitao atabwera.

"Bantu baona imbwa chabe, ba Tisa. Ine uyu ndiye tulo twanga. Akafa, nizabwelela kunkala pa mupando na nyundo mu manja mpaka kuche."

Kuchiza matendawa n'kwautali, ndipo choopsa kwambiri ndi kuchirako. Poyamba Kapitao anamwa mapiritsi a dokisi kwa mwezi, ofooketsa njokazo, pamodzi ndi ena opha tiana ta m'magazi. Kenako inafika nthawi ya jakisoni wopha zikuluzikulu, yemwe ba Dokota anachita kuitanitsa kunja. Amabayidwa katatu: woyamba payekha, ndipo pakapita mwezi, awiri otsatizana. Ine ndinkameta kachigawo ka ubweya pamsana cha m'chiuno, n'kupukuta ndi sipiriti. Ba Dokota ankakoka mankhwala, n'kusintha singano kuti kunja kwake kusakhale ngakhale kadontho, chifukwa amaotcha mnofu. Ankabaya mozama m'mbali mwa fupa la msana, ine n'kudinikiza pamenepo ndi thonje kwa kanthawi, galu akunjenjemera m'manja mwanga.

Njokazo zikafa sizituluka, zilibe potulukira. Zimaola momwemo, n'kumaduka tizidutswa, thupi n'kumatichotsa pang'onopang'ono. Galu akakhala phee, tizidutswato timayenda mochepa ndipo mapapo amapirira. Koma akathamanga, akadumpha, kaya kungouwa molusa nthawi yaitali, mtima umapopa mwamphamvu, zidutswa n'kukokoloka nthawi imodzi kukatseka mitsempha ya m'mapapo, monga zinyalala zimatsekera ngalande pa mvula yoyamba. "Nyeleti ni nchito yanga," ba Dokota anauza mayiwo, akuloza singano. "Yanu ni yakuti asatamange, asalumpe, asakalipe, mpaka ine nikambe. Olo aoneke monga apola, musamukulupilile."

Tinayesa kumusunga mu keji kuchipatala kwathu, koma zinafika poipa. Ankalira, kuluma zitsulo, kukana chakudya, ndipo galu aliyense wolowa pakhomo ankafuna kumenyana naye. Ba Dokota anati bola kwawo.

Kwawoko kunali pa yadi ya anthu ambiri, monga mwa ku Kanyama: nyumba yaikulu ya eni malo kutsogolo, mzere wa zipinda za lendi kumbali, mpopi umodzi, chimbudzi kuseri. Eni yadi anali bashikulu Mutale, nkhalamba yopuma pantchito, yokonda kukhala pampando pageti n'kumafunsa aliyense kumene akupita. Ndinapita kukawafotokozera, ndipo sanavute, poti Kapitao ankalondera yadi yonse, osati chitseko chimodzi. Anatulutsa okha makasu ndi malata akale m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba yawo, n'kunena kuti, "Iyi ndiye wadi yake." Tinayala makatoni ndi bulangete, pawindo n'kukhomera neti yakale. Ndinayenda chitseko ndi chitseko kuchenjeza onse a lendi: osamutsegulira, osamuitana, osamuseweretsa. Pokadzithandiza ankatuluka ndi chingwe chachifupi, mayiwo atagwira.

Ndinkapita kukamuona sabata iliyonse, chikwama cha themometa ndi mapiritsi ochepetsa kutupa chili paphewa. Pa yadi ija aliyense anali dokotala. Uyu akuti mkaka wosakaniza ndi makala, uyo akuti odwala amafunika kuwongola miyendo, winayo akuti galu wogona masana amasanduka wamantha. Ndinkayankha mpaka malovu kuuma. Sindinama, miyezi imeneyo ndinaonda ine m'malo mwa galu. Foni ikalira, ndinkangoti ndi za Kapitao. Ndikamva galu aliyense akutsokomola m'njira, ndinkaima n'kumvetsera. Koma jakisoni woyamba anadutsa bwino. Mimba inaphwa, ubweya unayamba kunyezimira, ndipo Kapitao ankakanda chitseko kufuna kutuluka, zimene zinkandiopsa kuposa pamene ankangogona. Awiri omaliza anabayidwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ba Dokota anandichenjeza kuti sabata yachiwiri ndiyo yoipitsitsa, chifukwa m'pamene njoka zambiri zimakhala zikusweka.

M'sabata yachiwiri yomweyo, m'mawa wina ndikukolopa, foni inalira. Anali bamake Dalitso, akunong'ona.

"Ba Tisa, nili mu toileti, siningakambe maningi. Bashikulu bafa zulo mumazulo, banangogwa pa geti. Kapitao bamuchosa mu ka rumu."

"Bamuika kuti?"

"Bamumanga panja. Akuwa kuchokela zulo. Bwelani, napapata," anachonderera.

Ba Dokota anali kufamu ina cha ku Chongwe, akubereketsa ng'ombe. Ndinawaimbira foni. "Yenda umuchosepo," anatero. "Asayende na mendo, mumunyamule. Nibwela." Ndinakhoma chipatala, n'kuponya m'chikwama bandeji, themometa ndi chitenje. Minibasi ya ku Kanyama inali isanadzaze, ndipo kondakitala ankaitanira anthu ngati tsiku lonse ndi lake. Ndinamukalipira mpaka anandifunsa ngati basiyo ndinagula ndine. Njira yonse m'maso mwanga munali njoka zija zikuduka.

Amene sanakhalepo mu komboni sangamvetse msanga zimene zinachitika, choncho ndifotokoze. Maliro akagwa pa yadi, nyumba imasiya kukhala ya eni ake. Mipando, matebulo, makabati, zonse zimatulutsidwa panja kuti azimayi apeze pokhala ndi pogona pansi. Azibambo amakhala mu tenti. Ufa, kabichi, mafuta ndi makala zimene anthu amabweretsa zimafuna chipinda chokhoma, ndipo chipinda chotero pa yadi ija chinali chimodzi chokha, wadi ya Kapitao. Katundu wa m'nyumba anaunjikidwa kuseri, ndipo poti pamaliro pamalowa aliyense, wolira ndi wakuba yemwe, wina anaganiza zanzeru: galu amangidwe pomwepo, alondere. Palibe amene anafuna kumupweteka. Anangomubwezera pantchito yake.

Ndinamumva ndisanafike pageti. Sikunali kuuwa kwa Kapitao kumene ndinkakudziwa. Mawu anali atasasa, ndipo kuuwa kulikonse kunkathera m'chifuwa. Miyendo inafuna kuthamangira kuseri, koma pamaliro sulowa choncho. Ndinamanga chitenje pamwamba pa thalauza, n'kuvula nsapato pakhomo, n'kulowa chowerama m'nyumba modzaza azimayi. Ndinakhala pansi, mutu nditaweramitsa. Amayi a mpingo anali pakati pa nyimbo. Khoma limene ndinatsamira ndi lomwe linali pakati pa ine ndi galuyo, ndipo njira ya kuchimbudzi inadutsa pomwe anamumanga. Munthu aliyense akadutsa ndinkamva unyolo ukukokedwa, thii, kenako kuuwa, kenako chifuwa. Nyimboyo inali ya mavesi ambiri. Mulungu andikhululukire, sindinadanepo ndi nyimbo ya kutchalitchi ngati tsiku limenelo.

Itatha ndinakwawa kukapepesa anamfedwa, ndipo bamake Dalitso anandikodola ndi maso. Tinatulukira khomo lakumbuyo.

Kapitao anali padzuwa, atamangidwa ku chitsulo cha waya woyanikira zovala. Pamene ankazungulira panali patakumbika. Atandiona anagwedeza mchira kamodzi. Ankapuma mothamanga, khosi atatambasula, miyendo yakutsogolo atatangadza. Ndinatukula mlomo. Nkhama zinali zotuwa ngati phulusa, ndipo nditadina, mtundu sunabwerere. Themometa inafika pamene ndinali ndisanaionepo ikufika. M'kamwa munkanunkha adyo.

"Nindani amupasa galiki?"

"Ba Mwila, bang'ono babo ba bashikulu. Bachokela ku Kitwe, ndiye bayendesa malilo. Banamvela akosomola, bamugwila bantu batatu, bamumwesa na botolo. Nayesa kukamba, ati imwe ndimwe ba lendi, kankaleni na bazimai."

Wa lendi pamaliro a eni yadi alibe mawu. Ndinafuna kungomasula n'kumapita, koma geti linali limodzi, ndipo njira yake inadutsa pakati pa tenti ya azibambo. Kutulutsa chinthu pa yadi ya maliro osapempha ndi mlandu, ndipo ukanagwera mayiwo ine nditapita. Ndinakokera galuyo pa kamthunzi ka kabati, n'kumuikira madzi, n'kupita ku tenti.

Ba Mwila anali bambo wojintcha wa jekete lakuda, maso ali psuu ndi kusagona. Ndinagwada m'fumbi chapatali, n'kuomba m'manja. M'kamwa munali mutadzaza mawu otentha, ndipo ndinawameza onse. Anandiotcha mpaka m'mimba.

"Batate, pepani na malilo. Nachokela ku chipatala cha vinyama. Nipempako kutenga imbwa ija, idwala maningi."

Wina kumbuyo anaseka.

"Mayo," anatero ba Mwila, "mukulu wanga ali mu mochale. Bantu aba babwela kulila muntu. Iwe wabwela kulila imbwa?"

Nkhope inandiyaka ndi manyazi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika, koma kuseri kunamveka chifuwa chija.

"Awe batate. Koma ikankala paja, izafa lelo."

"Ni chifuba chabe. Na ine nisunga imbwa ku famu, nizipasa galiki na nimu, zipola. Nanga katundu uja azalonda nindani? Tikashika mukulu wanga ku manda, uzaitenga."

Akanakhala munthu woipa bwenzi zili zosavuta, ndikanamulalatira n'kuthana nazo. Koma anali munthu wotopa, woferedwa, yemwe pakati pa maliro a mkulu wake anapeza nthawi yophikira mankhwala galu wa eni. Ndinangoti, "Napapata, bwelani muione chabe. Bashikulu ndiye banaipasa ka rumu kaja na manja yabo."

Bambo wina wa lendi anayankhira chapansipansi kuti, "Ni zoona ivo." Ba Mwila anadzuka mokwiya, n'kunditsata.

Titafika, Kapitao anayesa kudzuka kuti auwe mlendoyo, koma m'malo mwa mawu m'kamwa munatuluka chifuwa, ndipo pafumbi panagwa thovu lofiira. Anagwa cham'mbali. Ba Mwila anayang'ana thovulo. Kenako anavula jekete, n'kugwada, n'kumasula unyolo ndi manja awo.

"Itanani wa wilibala," anatero.

Galimoto silowa m'tinjira ta kumeneko. Tinayala makatoni mu wilibala, ndipo ba Mwila ndi ine tinanyamula galuyo pa bulangete lake ngati pamachira. Ndinavula chitenje, n'kuchiviika mu mgolo wa madzi, n'kumunyowetsa mimba ndi mapazi, kenako n'kuchitambasula pamwamba kuti chimutchinge dzuwa. Ndinadutsa pakati pa tenti ndili ndi thalauza, maso onse ali pa ine, ndipo sindinasamale. Bamake Dalitso anatiperekeza mpaka pageti basi. Sakanatha kusiya maliro a eni nyumba n'kutsata galu, yadi yonse ikanawanena mpaka chaka chamawa. Anasisita mutu wa Kapitao, n'kubwerera kumapoto.

Misewu ya ku Kanyama ndi miyala yokhayokha. Mwala uliwonse umene tayala linagunda ndinkaumva m'chifuwa mwanga. "Pang'ono pang'ono!" ndinkakalipa. Galu akabanika, "Fulumilani!" Mwini wilibala anaima, thukuta lili kamukamu. "Sisi, sankaniponi chimozi." Pamsewu waukulu tinapeza ba Dokota atafika ndi kagalimoto kawo, akununkhabe ng'ombe. Anatukula mlomo wa galuyo, n'kuyang'ana nkhama, n'kutsegula chitseko chakumbuyo.

Kuchipatala tinachita zonse zimene tikanatha. Tinamuika mu keji, n'kuikuta ndi pulasitiki, n'kulowetsa paipi ya okosijeni. Ba Dokota anamubaya wochepetsa kutupa m'mapapo, n'kumuika diripu yoyenda pang'onopang'ono kuti mtima usalemedwe. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi keji, dzanja lili m'kati, ndikumupukuta mapazi ndi madzi ozizira. Chakumadzulo kupuma kunatsikako, nkhama n'kuonetsa kafiira, ndipo ndinayamba kupemphera mokweza ngati wozungulira mutu. Tsiku lotsatira anamwa madzi, n'kundinyambita dzanja. Ndinatenga foni kuti ndiuze mayiwo kuti zayenda, koma ba Dokota anati, "Yembekeza." M'mawa mwake, ndikumusinthira makatoni, anatsokomola kamodzi mwamphamvu, n'kutambasula miyendo, basi.

Ndinakalipa. Ndinatukwana udzudzu, ndinatukwana Beira, ndinatukwana ngakhale kabichi imene inamulanda chipinda. Ndinafunsa ba Dokota ngati anali adyo uja. Anapukusa mutu.

"Galiki siinatandize, koma siyamene yamupaya. Ni cheni, na zuba, na kukuwa." Kenako anandiyang'ana. "Uzayenda kubauza, olo niyende ine?"

Ndinati ndipita ndekha. Nkhani ngati imeneyo si ya pafoni.

Linali tsiku loika maliro. Ndinafika anthu akutsika m'mabasi ndi m'malole kuchokera kumanda, akusamba m'manja pa beseni la pageti mmodzimmodzi. Amene ankathira madzi ndi jagi anali bamake Dalitso. Atandiona sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana m'manja. Ndinali nditanyamula bulangete, lochapa, lopinda.

Jagi inagwa. Mayiwo anakhala pansi m'matope a pabeseni, n'kulira kulira kumene sindinakumvepo. "Mayo ine! Anisiya neka! Nizagona bwanji ine, nizagona bwanji!" Azimayi anathamanga kudzawagwira, ena n'kuyambiranso kulira. Ndinamva wina akuti, "Mwandi, bashikulu banali monga batate babo. Ba lendi ba mutima so ni bochepa." Wina anati awachotse pageti, akutsekereza anthu njira.

Ba Mwila anali ataima chapafupi. Anayang'ana bulangete, anayang'ana ine, n'kuvula chipewa.

"Balekeni balile," anatero. "Nabo bafeledwa."

Mwezi usanathe bamake Dalitso anasamukira kwa mkulu wawo ku komboni ya George. Ndinakumana nawo kamodzi m'tauni, maso atalowa m'kati. Sindinawafunse za tulo.

Ndidakali pantchito yomweyi. Njoka za mumtima ndazionanso kangapo, makamaka mwa agalu obwera ndi a mathiraki, ndipo ambiri achira. Aliyense wopita ndi galu kumadera otentha ndimamukakamiza piritsi loteteza la mwezi ndi mwezi, ndipo wobwera ndi nkhani ya adyo sindimuseka, ndimamukhazika pa maikulosikopu kuti aone yekha. Koma chimene ndinatenga kwa Kapitao si cha m'botolo. Galu wa mu komboni sachira m'manja mwa mwini wake yekha. Amachira ndi yadi yonse, ndipo yadi imatha kusintha tsiku limodzi. Choncho jakisoni asanabayidwe ndimakhala pansi ndi mwini galu n'kufunsa funso limene anthu sakonda: pa yadi panu pakagwa maliro mawa, galuyu akagona kuti, ndipo adzamunyamule ndani nthawi yomweyo? Ena amalavulira pambali, amati ndikuitana imfa. Akwiye. Singano situluka m'pepala lake ndisanakaione nyumba imene galuyo akagoneko ndi maso anga. Ndinaonapo kale mayi akulira galu wake mobisala m'maliro a munthu, ndipo kamodzi komweko kanandikwana.